Gwedeza ndi Nkhumba Yomuperekeza Kuthengo

Ndikulumbira pali manda a atate anga, zonse ndinene pano ndi zoona. Likapezekamo bodza ngakhale limodzi, mphenzi inding'ambe pakati ngati chitenje chakutha.

Kalekale, m'mudzi wina wa kuseri kwa dambo, munali mkamwini dzina lake Gwedeza. Kulima ankalima, kufolera ankafolera, kuseka ankaseka. Koma mtima wake unali pa chitengwa. Ankafuna kuti akuchikazi amulole kutenga mkazi wake, Tiyanjane, akakhale naye kwawo.

Malume ake a Tiyanjane, aKatsache, anati, "Mutiphere nkhumba yonona, mkamwini, tidye tonse. Mkaziyo mudzamutenga."

Gwedeza anathamangira kumsika n'kugula kamwana ka nkhumba. Chifukwa cha chimwemwe anadyako kanyenya wa nkhumba komweko, wowauka kunja kokha, m'kati mukali psuu.

Tsono pakhomopo chimbudzi chinali chimodzi, ndipo ankalowamonso apongozi ake, aNankhoma. Mwambo mukuudziwa. Mpongozi sumuyang'ana m'maso, sudya naye mbale imodzi, nanji kukumana naye pakhomo pa chimbudzi.

"Bambo, kumbani chanu," anatero Tiyanjane.

"Ndikumbirenji dzenje pamudzi pa eni, ine wapaulendo? Thengo ndi lalikulu."

Choncho m'mawa uliwonse Gwedeza ankanyamula khasu ngati wopita kumunda, n'kulowera kuthengo. Nkhumba pambuyo. Akakhota, nayo ikhota. Akaima, nayo iima. Akanyamuka, iyo itsala ikusesa pamalopo ndi pakamwa.

Nkhumba inanenepa, Gwedeza anaonda. Ankadya za anthu atatu, koma lamba ankangomubowola mabowo atsopano. Ana a m'mudzi nkhumba ija anaitcha Mlamu wa Gwedeza. Mwini wake ankangonyada kuti, "Yangayi sifuna gaga. Imadzisakira yokha."

Tsiku la phwando linafika. Mowa unapsa, ng'oma zinalira, aKatsache ananola mpeni. Atang'amba ntchafu ya nkhumbayo, anangoti chilili. Anthu anasendera pafupi, nawonso chilili. M'nyama monse munali timibulu toyera ngati mpunga. M'ntchafu mpunga, kunsi kwa lilime mpunga, mumtima momwe mpunga. Woyimba ng'oma dzanja linamuumira m'mwamba. Galu ananunkhiza n'kubwerera chambuyo.

Gwedeza anayang'anitsitsa nyamayo. "Andilodzera nkhumba," ananong'ona.

Pamenepo aNankhoma, amene anali asanamulankhulepo mkamwiniyo chikwatireni, anamufulatira n'kuyamba kulankhula ndi mtengo wa mango.

"Iwe mtengo, kawauze abambo a kunyumbako kuti mfiti yake ili m'mimba mwawo. Atate anga ankapha nkhumba, izi ndinaziona ndili mtsikana. Timibuluto ndi ana a njoka ya m'mimba. Munthu akadya nyama yotere yosapsa, njoka imakulira mwa iye. Akapita kuthengo amasiyako mazira. Nkhumba ikatola, mazira aja ndiwo mpunga uwu. Wina akadyanso, gule ndi yemweyo."

Gwedeza nayenso anayang'ana mtengo uja. "Iwe mtengo, uwafunse amayiwo, kuthengoko anandiona ndani?"

"Uwauze kuti nkhuni ndimatola komweko," anayankha aNankhoma. "Uwauzenso kuti khasu lopita kumunda silibwerako loyera tsiku ndi tsiku."

Palibe anaseka. Gwedeza anayang'ana mkazi wake, mkazi anayang'ana pansi. Anayang'ana ana aja, ana anabisalana kumsana. Apo m'pamene anadziwa kuti mudzi wonse unkamuona, kuyambira tsiku loyamba.

AKatsache anapukuta mpeni pa udzu. "Nyama iyi sitidya. Ndipo mwana wathu sapita kwa munthu woopa dzenje. Kumbani maenje awiri, mkamwini, lina la mlamu wanuyu, lina lanu. Za chitengwa tidzakamba mukalera nkhumba ina, m'khola."

Gwedeza anakumba, alendo akumwazikana ndi njala. Kutacha Tiyanjane anamutengera kuchipatala, anamwa mankhwala, njoka inatuluka. Inu, njoka yake! Mutu uli pachimbudzi chatsopano, mchira uli kudambo. Amayi a m'mudzi anayanikapo zovala.

Nkhumba yachiwiri inakulira m'khola, ikudya gaga. Itaphedwa, aNankhoma anaisuzumira kunsi kwa lilime, anaitembenuza ntchafu, kenaka anauza mtengo wa mango kuti, "Mkaziyo amutenge."

Ndiye inu, manyazi a kanthawi musawathawire kuthengo, amakabwerako atanenepa. Kumbani chimbudzi, nkhumba itsekereni, nyama ipse mpaka m'kati.

Nthano yanga yagonera pomwepa, amene anaika mbatata pamoto akaphule isanapserere. Zoyanika zovala zija ndangowonjezera ine, njokayo inangofika pa nkhokwe. Mphenziyo musaiuze.