Firiji ya kwa a Loke

Mumsewu wathu mumzinda wa Ipoh, firiji yoyamba inalowa m'nyumba ya a Loke Yuen Fatt, telala wa masuti. Nyumba zake ndi zija zogundana makoma: sitolo pansi, banja pamwamba, khitchini kumbuyo. Firijiyo inali yoyera ngati dzira, yamapewa obulungira, ndipo inkang'ung'udza ngati mphaka wokhuta. A Loke ankafuna kuiimika pakhomo pa sitolo kuti odutsa azimeza malovu, koma akazi awo, a Siew Lan, anaikokera kukhitchini.

Posakhalitsa a Zainab, a nyumba yoyandikana, anafika ndi kabotolo m'manja. Amuna awo ankadwala shuga, ndipo mankhwala a jakisoni ankawonongeka ndi kutentha. Anaima pakhomo akuzengereza, poti anali Msilamu ndipo ankadziwa ndiwo za kwa a Loke. A Siew Lan sanadikire kuuzidwa. Anatulutsa nyama yankhumba yonse, n'kutsuka mkati, n'kunena kuti nkhumba sidzalowamonso. Anawapatsanso kiyi wa khomo lakumbuyo kuti azidzatenga mankhwala nthawi iliyonse.

"Amake Mei Fong, firijiyi ndinaigula ndi maso angawa, kusoka mpaka kuona chifunga," anadandaula a Loke. "Ndiye nkhumba yanga izigona panja ngati mlendo?"

"Idyeni lero lomwe, abambo, isagone n'komwe."

"Nanga kiyi? Mawa mupereka ndi makwerero omwe."

A Siew Lan anangopitiriza kusenda adyo. Mkaka wa mwana wa a Ponnammal, a tsidya la msewu, unalowanso, kenako nsomba za uyu, mankhwala a uyo. A Loke akafuna madzi ozizira ankayamba kusuntha miphika ya eni, uku akung'ung'udza kuposa firijiyo.

Tsiku lolambula manda a makolo, banja lonse la a Loke linapita kuphiri komwe kunali mandawo. Anakhoma chitseko chachitsulo chakumaso, n'kusiya mayi awo a Loke pamwamba chifukwa miyendo inali itafa. Dzuwa lili paliwombo, moto unabuka m'sitolo ya palafini n'kulumphira padenga la a Loke. Amuna a mumsewumo analimbana ndi chitseko chija koma sichinagwedezeke. A Zainab anathamangira kunjira yakumbuyo, kiyi m'manja, a Ponnammal ali pambuyo. Anakwera makwerero utsi uli tolotolo, n'kutsika ndi gogoyo kumsana. Amuna aja analowera momwemo n'kukoka firiji ndi makina amodzi osokera.

A Loke pobwera anapeza denga kulibe, masuti ali phulusa lokhalokha. Anagwa m'maondo akuitana mayi awo.

"Ukulira chiyani iwe?" anatero gogoyo ali pakhonde pa a Zainab, kapu ya tiyi m'manja. "Mano anga oikirira atsala pamwamba paja. Kandifunire."

Banjalo linagona kwa a Zainab mpaka denga linakhomedwanso, ndipo amuna a mumsewumo anasenza matabwa osafunsa kanthu. Firiji inabwerera m'malo mwake, mbali imodzi ili bii. A Loke anakana kuipenta. Aliyense wobwera kudzayesa suti a Loke ankayamba amutengera kukhitchini, mapini ali pakamwa.

"Ine ndinangogula chitsulo," ankatero akuloza akazi awo ndi chibwano. "Amene anadziwa chosungamo ndi awa."

Akuluakulu sananame: kupatsa n'kuika.