Zakeyo Anathamangira Dzuwa

Nyumba ya Zakeyo ndi mkazi wake Yewo ku Bradford inali imodzi mwa zija zogundizana khoma, zoti ukayetsemula mnansi amati pepani. Koma eni akewo, ngakhale bedi linali limodzi, tulo ankagona mosinthana. Yewo anali namwino ndipo ankagwira masana. Zakeyo ankasamalira okalamba pa shifiti ya usiku. Ankakumana pakhomo, wina akuvala jekete wina akuvula, n'kupatsirana mwana wawo Luso pamodzi ndi makiyi.

Kenaka chipatala china cha ku Hull chinamuitana Yewo ku ntchito yapamwamba. Akavomera ndiye kuti azikakhala komweko mkati mwa sabata, kunyumba azibwera Loweruka lokha. Yankho ankalifuna Lolemba lotsatira holide imene banjali linakonza limodzi ndi anzawo a kutchalitchi, yopita ku Morocco.

"Bambo a Luso, nkhani iyi si ya pa WhatsApp," anatero Yewo. "Ndikufuna tikhale pansi, mundiyang'ane kumaso, mundiuze. Mukati khala, ndikhala, promotion izipita."

"Tikakambirana ku Morocco, mayi," anayankha Zakeyo akumanga nsapato. "Kumeneko nthawi ndi yathu."

Musaganize kuti Zakeyo analibe chikondi. Yankho anali nalo kale, ndipo linali lakuti khalani. Vuto lake linali la anthu olota ali maso: ankafuna kulinenera pamalo oyenera. Kuntchito kwake, m'chipinda chochezeramo okalamba, munali chithunzi cha dzuwa likulowa kuseri kwa milu ya mchenga wofiira. Ankati akagoneka agogo ake onse, n'kuima pachithunzipo mpaka kumva kutentha kwa mchengawo kumapazi. Asanabwere kuno anali wa kabaza ku Dedza, ndipo manja ake anali asanaiwale njinga yamoto. Mumtima anali atamaliza zonse: adzamukweza Yewo panjinga, adzadutsa naye mapiri, ndipo dzuwa likamakhudza mchenga adzamugwira dzanja n'kunena mawuwo.

Luso anamusiya kwa Mariam, mnzawo wa m'kwaya. Masiku a holide anathera m'misika ndi m'phokoso la gulu, uyu akufuna chithunzi, uyu wasochera. Tsiku lomaliza ndi lokhalo limene linali la awiriwo. Zakeyo anabwereka njinga m'tauni ya m'munsi mwa mapiri, napangana ndi mwini wake kuti akaisiya kwa mbale wake m'mphepete mwa chipululu, komwe basi ya gulu ikawapeze madzulo kupita ku bwalo la ndege.

Ananyamuka kukadali kachisisira. Msewu unayamba kukwera mokhotakhota, ndipo dziko linayamba kuoneka ngati la kumaloto. Midzi ya dothi lofiira inamatirira m'mbali mwa mapiri ngati zisa za namzeze. M'munsi, kamtsinje kanali kunyezimira pakati pa mitengo imene inachita maluwa oyera mbee, fungo lake n'kumalowa mpaka m'chipewa. Yewo anamva mtima wake ukumasuka koyamba pa zaka zambiri. Anaona mwala waukulu wathyathyathya pansi pa mtengo, woti anthu awiri n'kukhalapo mapazi ali m'madzi. Anagogoda mwamuna wake paphewa.

"Tiime apa!" anakuwa.

"Kutsogolo n'kwabwino kuposa apa!" Zakeyo anayankha osatembenuka, nawonjezera moto.

Wa kabaza ali ndi matenda ake. Saona njira, amaona pofikira, ndipo amene ali kumbuyo kwake ndi katundu woti afike msanga. Zakeyo sanadziwe kuti matendawo anawoloka nawo nyanja.

Pamwamba penipeni pa phiri mphepo inali yozizira ngati ya ku Bradford, koma kumwamba kunali kwa buluu wosaonekako ku Bradford. Mitambo inali pansi pawo, ikuyandama m'zigwa. Panali kanyumba kamiyala, ndipo mayi wina anali kuthira tiyi wa timasamba tonunkhira m'timagalasi, tebulo la mipando iwiri lili lopanda munthu. Yewo anagogodanso. Apa Zakeyo anaima, koma injini sanazimitse.

"Tangomwerani pomwepo, mayi, tisachedwe. Sunset siidikira munthu."

"Nanga nkhani ija?"

"Ndakusungirani malo ake. Mukawaona mukandithokoza."

Yewo anamwa tiyiyo chiimire, anawauka lilime, n'kukweranso.

Atatsika kuseri, zobiriwira zinayamba kutha pang'onopang'ono. Mapiri anasanduka ofiira, kenaka akuda ngati opserera, ndipo msewu unangoti tayale, wowongoka mpaka kumene maso amalekezera. Kutali kunkaoneka ngati kuli nyanja, koma akayandikira nyanjayo inkathawira patsogolo. Ngamila zinali kuyenda mwaulesi ngati zikuyenda m'tulo. Yewo anatsamira kumsana kwa mwamuna wake, n'kumamvera mtima wake ukugunda kudzera m'jekete. Anali pafupi naye kuposa tsiku lina lililonse la chaka chimenecho, koma anasungulumwa kwambiri.

Mwadzidzidzi pakati pa chipululu chonsecho panatulukira dambo la kanjedza, mthunzi wake wakuda bii, ngalande ya madzi ikuyenda mwakachetechete. Yewo anakweza dzanja kuti agogode. Linafika pafupi ndi phewa, linaima m'malere, kenaka analibweza pang'onopang'ono n'kuliika pabondo pake. Zakeyo anasangalala kuti mkazi wake wasiya kuvuta.

Anafika nthawi yabwino, dzuwa likadali m'mwamba. Milu ya mchenga inali pomwepo, yaitali kuposa ya pachithunzi. Koma asanavule n'komwe zipewa, kum'mwera kunadzuka chimtambo chachikasu. Mphepo inayamba ndi kunong'ona, kenaka inalusa. Mchenga unalowa m'maso, m'makutu ndi m'mano. Dzuwa linasanduka kambale kotuwa, n'kuzimiririka lisanafike pansi. Anthu a kumeneko anangokulunga nsalu kumaso n'kupitiriza zawo, poti kwa iwo linali tsiku ngati ena onse.

Awiriwo anabisala kuseri kwa khoma la garaja imene anasiyako njinga, pakati pa matayala akutha ndi fungo la oyilo. Basi ya gulu inali itayamba kale kuliza hutala. Zakeyo anaona kuti nthawi yamuthera. Anagwira dzanja la mkazi wake, milomo ili mchenga wokhawokha.

"Mayi a Luso, ndimafuna ndikuuzeni pa malo okongola. Khalani. Musapite ku Hull."

Yewo anamuyang'ana kumaso. Sanakwiye, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa Zakeyo.

"Malo okongola tawadutsa onse, bambo," anatero mofatsa. "Pamtsinje paja mukanangoti khala, ndikanakhala. Paphiri paja, ngakhale osanena kanthu, mukanangozimitsa injini, ndikanakhala. Koma lero ndaona mmene moyo wathu udzakhalire ndikatsala: inu kutsogolo kuthamangira zabwino za mawa, ine kumbuyo kugogoda. Ndatopa, bambo a Luso. Ku Hull ndipita. Loweruka muzindipeza, ngati mudzakhale ndi nthawi yoima."

Hutala inaliranso, ndipo anzawo anayamba kuwakuwira pazenera kuti ndege iwasiya. M'basimo anthu anali kuonetsana zithunzi mokondwa. Zakeyo analibe n'chimodzi chomwe, ndipo atayesa kukumbukira mtsinje umene mkazi wake ankanena, anapeza kuti sanauone.

Lolemba Yewo anavomera ntchito ija. Banja silinathe, koma linasanduka la Loweruka ndi Lamlungu, ndipo Zakeyo mpaka lero zimamupweteka. Anali ndi tsiku lathunthu m'manja, mkazi wofuna kumva mawu amodzi okha ali kumsana kwake, koma anasungira mawuwo dzuwa limene silinali lake. Akuluakulu sananame pamene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.