Kakowa Asamutsa Ng'ona Chifukwa cha Chithunzi

M'nyengo yoikira mazira, chaka chimene mvula inachedwa, Kakowa ndi Chimeza anakangana chifukwa cha mayi wina wojambula zithunzi. Mbalame ziwirizi zinkakhala mumtengo umodzi pakati pa dambo lamchere, kumene mtsinje umathira m'nyanja yaikulu. Chisa cha Kakowa chinali kunsonga, cha Chimeza chinali m'munsi pang'ono, ndipo zonse ziwiri zinali ndi mazira.

Patsinde pa mtengowo pankagona Ng'ona. Panalibe amene ankamukonda, koma panali pangano lakalekale lakuti chilichonse chogwa mumtengo, kaya ndi nsomba yopulumuka pakamwa kaya mwanapiye wosasamala, chinali chake. Mbalame zinkapirira zimenezi chifukwa Ng'ona akagona pamenepo, Ng'azi, wakuba mazira, sankayerekeza kuwoloka matope n'kukwera mtengowo. Chimeza anali atakhalamo zaka zambiri, ndipo anali asanaberedwepo dzira.

M'damboli madzi amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Mayi wojambula uja ankabwera m'mawa madzi akayamba kuphwa, ali pa kabwato, atavala chipewa chachikulu. Ankaimika bwato m'maudzu, n'kuloza kamera yake ya mphuno yaitali, n'kukhala phee udzudzu ukumulira m'makutu. Chimeza ankamulemekeza chifukwa cha kudekhako, ndipo ankati munthu ameneyu akanakhala mbalame sakanagona ndi njala.

Chimene chinavuta n'chakuti kamerayo inkaloza kwa Ng'ona. Ng'ona akayasamula, inkalira kuti tcha, tcha, tcha. Akatsinzina diso, tcha. Ngakhale ntchentche ikamutera pamphuno, inkalirabe.

"Achemwali, mwamva?" anatero Kakowa, atasuzumira m'chisa cha Chimeza. "Wangotsegula kukamwa basi. Mano achikasu aja ndiye ojambula?"

"Ndamva," anayankha Chimeza. "Bwererani pa mazira, azizira."

"Ine ndasamba kawiri lero. Palibe choyera ngati ine m'dambo lino, mwinanso padziko lonse."

"Dziko lonse munaliyendera liti, achimwene? Kutali kumene munafikako ndi kutsidya kwa mtsinje. Nanga chithunzi mukuchifunachi munachionapo?"

"Ayi. Koma ndimamva kuti chimapita kutali, anthu n'kumachisirira."

"Chimadyedwa?"

"Inu achemwali, zonse mpaka zikhale zakudya?"

Kakowa anayamba kudzionetsa. Ankatera kutsogolo kwa bwato, n'kutambasula mapiko, n'kumasendera mpaka mlomo wake utatsala pang'ono kugunda galasi la kamera. Mayi uja ankatsitsa kamerayo, n'kupumira m'mwamba, n'kumukupiza ndi chipewa. Tsiku lina Ng'ona atagwira nsomba yaikulu, Kakowa anadutsa pakati, ndipo mayiyo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mwaona? Amandipatsa moni ndi chipewa," anatero Kakowa atabwerera kumtengo.

"Amakuthamangitsani," anati Chimeza. "Munthuyu amajambula amene ali pa ntchito yake. Gwirani nsomba, fungatirani mazira, mwina adzakuonani."

Kakowa sanamve zimenezo. Iye anaona kuti vuto ndi Ng'ona, ndipo Ng'ona atachoka kamera idzasowa kwina koloza, idzayang'ana kumwamba. Anatsika n'kuima pa muzu wautali, pamene mchira wa Ng'ona sukanafika.

"Madala, mwadzuka bwanji?"

Ng'ona anatsegula diso limodzi. "Sindinadzuke."

"Ndabwera ndi nkhani yabwino. Pamchenga paja kutsidya, dzuwa limawomba tsiku lonse. Palibe mthunzi, palibenso zitosi zokugwerani pamsana. Munthu wamkulu ngati inu n'kumagona pansi pa chimbudzi cha mbalame?"

"Zitosi zanu ndinazizolowera," anatero Ng'ona. "Pakamwa panu ndi pamene sindinazolowere."

Kakowa anabwera mawa lake, anabweranso mkuja, m'mawa ndi masana, nkhani yake yomweyo ya mchenga ndi dzuwa. Chimeza ankamva zonse ali pachisa, mutu ukumuwawa. Atatopa anatsika yekha.

"A Ng'ona, musamumvere uyu. Mazira athu atsala pang'ono kuswa. Mukachoka, Ng'azi adziwa tsiku lomwelo."

"Mayi," anatero Ng'ona, "ine sindinapemphe kujambulidwa. Ulondanso sindinapemphe. Ndimangogona, ndipo masiku ano sindikugona. Ndikasamuka mudziwiretu kuti sindibwerera msanga, chifukwa kuyenda ndi ntchito."

Chimeza anatembenukira kwa Kakowa. "Mumtengomu simuli nokha. Muli mazira anga atatu. Munandifunsa?"

"Ndi masiku ochepa chabe, achemwali. Mukukulitsa nkhani."

"Ine? Ine ndi amene ndimakulitsa nkhani mumtengo muno?"

Madzi atakwera madzulo ake, Ng'ona sanatsanzike. Anangodzisiya, madzi n'kumutenga pang'onopang'ono mpaka kumchenga. Patsinde panatsala dzenje la mimba yake m'matope.

M'mawa mwake Kakowa anasamba, n'kuima panthambi yapamwamba, khosi atalikhotetsa bwino. Mayi wojambula anafika, nayang'ana patsinde, naona dzenje lopanda mwini. Anayang'ana uku ndi uku mpaka anamuona Ng'ona pamchenga, ndipo anapalasa bwato kumka komweko. Kumwamba sanayang'aneko.

Tsikulo inali nthawi ya Kakowa yofungatira, chifukwa mkazi wake anali atapita kukasaka nsomba. Koma iye ataona bwato likutalikira, anakupiza mapiko.

"Mazira mwasiyira ndani?" anafunsa Chimeza.

"Ndibwera pompano."

Chimeza anali ndi njala, ndipo madzi anali akuphwa, nsomba zikuphiriphitha m'timaenje tam'matope. Sanatsike. Anakhala pachisa akuyang'ana kumene maudzu amathera, chifukwa ankadziwa kumene mlendo atulukire. Dzuwa lisanafike pamutu maudzu anagwedera, ndipo Ng'azi anatulukira, lilime likutuluka ndi kulowa.

"Odi kuno," anatero Ng'azi ali patsinde. "Ndamva kuti alonda apita kukajambulitsa."

"Abwera posachedwa," anatero Chimeza.

"A Ng'ona, kubwera posachedwa? Mayi, tisanamizane."

Ng'azi anakwera mbali ina ya mtengo, kutali ndi mlomo wa Chimeza, nafika pachisa cha Kakowa. Munalibe womuletsa, ndipo anameza mazira onse mosafulumira. Chimeza anakuwa, koma sakanachoka pa ake. Potsika, Ng'azi anapatukira kunthambi ya Chimeza.

Chimeza anamujompha paphewa, namujomphanso pafupi ndi diso. Ng'azi anakwapula mchira, nthambi inagwedezeka, chisa chinapendekeka, ndipo mazira awiri anagubuduka n'kugwera m'dzenje lija la Ng'ona. Ng'azi anatsika nawadyera pomwepo. Dzira lachitatu Chimeza analitchinga ndi mwendo.

Kakowa anamva phokosolo ali kumchenga, ndipo anabwera akuuluka mwaliwiro. Anambwandira Ng'azi kumsana, koma mchira unamupeza n'kumuponya m'matope chagada. Anadzuka ali bii kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, nthenga zitamatirira, Ng'azi akulowa m'maudzu mimba ili tantha. Chapatali, kuchokera m'bwato, kunamveka tcha, tcha, tcha.

Mkazi wa Kakowa atabwera anayang'ana chisa, nayang'ana mwamuna wake, nauluka kupita kwa abale ake. Chimeza anakonza chisa chake ndi mlomo, nabweza dzira lotsalalo pakati.

"Pitani mukawapepese a Ng'ona abwerere," anatero. "Ine sindingachoke pano."

Kakowa anapita, ndipo sanachedwe.

"Akuti bwanji?" anafunsa Chimeza.

"Akuti ndinanena zoona, dzuwa la kumeneko ndi labwino. Akuti akadzatopa nalo adzaganiza."

Chimeza anakhazikika bwino pa dzira lake. Kakowa anaima panthambi akuchotsa matope m'mapiko, kenako anatsokomola pang'ono.

"Komatu achemwali, pamene ndimalimbana ndi Ng'azi paja, munamva kulira kwa kamera? Kanali katatu. Mukuganiza kuti matopewa aoneka kwambiri?"

Chimeza anasolola khosi kuti aone kumaudzu. "Achimwene, sunthani. Mwanditchingira njira imene Ng'azi amadzera."

Kuyambira tsikulo Chimeza ankadya mothamanga, pafupi ndi tsinde, madzi akakwera n'kutseka njira ya Ng'azi. Nthawi imeneyo nsomba zimakhala zitabalalika m'madzi akuya, choncho anaonda mpaka fupa la pachifuwa kuonekera. Dzira lija linaswa, ndipo analera mwana mmodzi m'chaka chimene akanalera atatu. Mayi wojambula anabwera masiku ena angapo, kenako sanaonekenso.

Nyengo yotsatira Chimeza anamanga chisa mumtengo wina woyandikana ndi mchenga, ndipo mbalame zina zinamutsatira. Ng'ona amagonabe komweko, zitosi zikumugwera pamsana ngati kale. Kakowa anatsala yekha mumtengo wakale uja, ndipo amasambabe kawiri pa tsiku. Chithunzi chake palibe wa m'dambomo amene anachionapo.

Phunziro: Usachotse amene amakuteteza chifukwa chakuti maso a anthu ali pa iye osati pa iwe. Akachoka, tsoka limagwera iwe ndi anzako omwe sanalakwe.