Chaka Cholemba pa Khoma la Madrasa

Achimwene anga a Twaibu anafika kwa Shehe Likagwa swala ya Alasiri, pemphero lija la chakumadzulo, itangotha, pepala lili m'manja. Anawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga. Ine ndinawaperekeza popeza pepalalo ndinalemba ndine, ndipo kuno ku Ntaja palibe amene sadziwa kuti phunziro la mbiri yakale ndinakhoza bwino pa Fomu 4.

Nkhani inali ya khoma la madrasa yathu yatsopano. Achimwene ankafuna palembedwe kuti Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, anasamukira ku Madina m'chaka cha 622. Amuna anga a Lifa anakana, nati kwa ife Asilamu chimenecho ndi chaka choyamba. Achimwene anawatcha mbuli pamaso pa komiti, ndipo panatha milungu iwiri awiriwa osapatsana salamu.

Atalonjerana ndi Shehe, achimwene anawerenga pepala lija modzimva: chaka chomwecho Ayuda amati 4382, a ku Itiyopiya 614, Akhristu a ku Iguputo 338.

"Koma Shehe, masukulu onse amaphunzitsa 622. Muwauze alamu anga kuti wolondola ndani."

Shehe anapukuta manja, napempha kuti awawerengerenso pang'onopang'ono. Anati za ku Itiyopiyazo sankazidziwa, ndipo anathokoza kuti aphunzira. Kenaka anafunsa mwaulemu: "Che Twaibu, nanga aja anayenda ulendowo padzuwa, mwa manambala amenewa ankatchula iti?"

Achimwene anayang'ananso papepala paja. Ndinawathandiza ndine, ndinati sankatchula iliyonse, pakuti ngakhale kuwerenga zaka kwathuku kunakhazikitsidwa patapita zaka, ulendo utatha kale.

"Mwanena zoona, mayi," anatero Shehe. "Mtundu uliwonse umayamba kuwerenga zaka pa chinthu chimene sufuna kuiwala. Palibe wanama papepalapa. Ife tinayambira pa chaka chimene anthu a ku Madina anatsegulira alendo makomo, nawasandutsa abale awo. Pakhomapo lembani zonse ziwiri, 622 ndi chaka choyamba, utoto ukwana. Koma inu Che Twaibu mwasunga nambala ya chakacho, nkumutsekera khomo mlamu wanu. Pitani mukamupatse salamu dzuwa lisanalowe, pamenepo ndiye mudzakhala mwachidziwa chakacho."