Chidendene cha Mkamwini

Panali munthu wina woumba njerwa amene anakwatira kutali ndi kwawo. Monga mwa mwambo wa kumeneko, iye ndiye anasamuka, nakakhala chikamwini pamudzi wa mkazi wake. Anafika ndi khasu, chikombole choumbira njerwa ziwiri, ndi mapazi ake. Chuma chake chinali chomwecho.

Anamupatsa malo kuseri kwa nyumba ya apongozi ake aakazi, ndipo anamangapo kanyumba ka udzu. M'menemo munabadwa mwana wamkazi, dzina lake Tinyade. Dzinja lachiwiri la mwanayo denga linadontha kwambiri, mwana n'kudwala chifuwa mwezi wathunthu. Mvula itatha, munthu uja anaima pakhomo nalonjeza, anthu akumva:

"Mvula ikubwerayi idzamupeza mwana wanga m'nyumba ya njerwa zootcha. Zipinda zitatu."

Tsono pamudzi paja panali lamulo limene palibe ankalitchula, koma mkamwini aliyense ankalidziwa: mkamwini saoneka atakhala pansi dzuwa lili m'mwamba. Kale kunali wina, mwamuna wa mkulu wake wa mkazi uja, amene ankakonda bawo pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina anapeza zovala zake zitamangidwa m'chitenje pakhomo, ndipo ana ake anakula osamudziwa. Woumba njerwa uja nkhaniyi anaimva sabata yake yoyamba pamudzipo, ndipo inakhazikika mumtima mwake.

Njerwa imayamba ndi phazi. Umakumba dothi m'nkhuti, n'kuthiramo madzi, n'kulowamo wopanda nsapato, kuponda mpaka mibulu yonse itasungunuka. Kenako umadzaza chikombole, kuchinyamula, kukakhuthula pabwalo louma gwa, n'kubwereranso. Ulendo womwewo kambirimbiri, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litapendeka. Munthu uja ankachita zonsezi yekha.

Ululu unayamba mu Juni, nyengo yachisanu. M'mawa wina atadzuka pamphasa, anaponda pansi ndi phazi lamanzere, ndipo anamva ngati waponda msomali. Anati "Ish!" n'kugwira khoma.

"Mwaponda chiyani, bambo a Tinyade?" anafunsa mkazi wake.

"Kaya. Mwina ndi minga ya dzulo."

Mkaziyo anatenga singano, naika phazi la mwamuna wake pamwendo pake, nafufuza pachidendene. Minga panalibe. Bala panalibe. Kutupa panalibenso.

Chodabwitsa chinali chakuti akayenda pang'ono, msomali uja unkachoka. Akafika kunkhuti n'kuyamba kuponda dothi, ankatsala pang'ono kuiwala. Koma akangokhala pansi masana kuti adye, podzuka msomali unkakhala utabwerera pamalo pake. Munthu uja anaganiza, n'kupeza yankho lolakwika. Anati mumtima mwake, "Nthenda iyi imaopa ntchito. Imandigwira ndikakhala. Basi, sindikhalanso."

Kuyambira pamenepo ankadya chiimire, mbale ili m'manja. Amayi opita kumjigo ankamuona n'kumauzana, "Mkamwini ndi ameneyu. Mpando saudziwa." Mawu amenewa ankamukomera, komanso ankamumanga ngati chingwe. Munthu amene wayamikiridwa chifukwa choimirira, adzakhala bwanji pansi?

Mwezi unatha, wina n'kubwera. Msomali unakula. Tsopano unkabweranso madzulo, phazi lonse likuwawa mpaka m'katumba. Anayesa kuliviika m'madzi otentha amchere. Anayesa mapiritsi a m'golosale, amene ankamupatsa mtendere wa theka la tsiku. Kenako anapita mobisa kwa sing'anga wa mudzi wina. Sing'angayo anayang'ana phazilo nati, "Mwaponda mankhwala. Wakutcherani ndi wapafupi, amene nyumba yanuyo ikumuwawa." Anamutema mphini zisanu ndi ziwiri pachidendene.

Munthu uja anali ndi mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, munthu wa nthabwala. Mlamuyu akamadutsa pankhuti ankakonda kufuula kuti, "Alamu, umbani zambiri! Tsiku tidzakuthamangitseni, nyumba idzatsala ndi ife!" Kale onse awiri ankaseka. Koma atachoka kwa sing'anga, woumba njerwa uja anasiya kuseka. Moni wa mlamu wake ankauyankha ndi mutu wokha. Mphini zija zinalowa matope n'kutukusira, ndipo pachidendene chimodzi panakhala zowawa ziwiri.

Mu Seputembala ananamiza mkazi wake kuti akukagula misomali yokonzera chikombole, koma anapita kuchipatala. Adokotala anali mayi wa mawu ochepa. Anatsuka mphini zija osadzudzula. Kenako anakokera zala za phazilo m'mwamba ndi dzanja limodzi, nadina pansi pa chidendene ndi chala chachikulu cha dzanja linalo. Munthu uja anadumpha.

"Ndi pomwepo," anatero adokotala. "Bambo, simunaponde kanthu. Pansi pa phazi pali mtsempha wolimba wochokera pachidendene kukafika kuzala, ngati nsinga ya uta. Wanuwu mwaugwiritsa ntchito mopitirira, ndiye wayamba kunyotsoka pamene umagwira fupa. Usiku mukagona umafupika, thupi likuyesa kuusoka. M'mawa mukaponda, mumang'ambanso pomwe pamasokedwapo."

"Nanga bwanji ndikagwira ntchito umaleka?"

"Suleka. Umangofunda, n'kukhala chete."

Anamuuza zochita. M'mawa asanaponde pansi, akole phazi ndi chitenje n'kukokera zala kwa iye pang'onopang'ono. Masana atsamire khoma ndi manja, mwendo wodwalawo uli kumbuyo, mpaka katumba atawongoka. Madzulo agubuduze botolo la madzi ozizira pansi pa phazi. Asayendenso wopanda nsapato, ndipo m'nsapatomo aikemo chofewa pachidendene. Mapiritsi amwe masiku ochepa okha, ululu ukakula.

"Koma zonsezi zili ndi mayi wake," anatero adokotala. "Musiye kuponda dothi ndi kunyamula njerwa. Phazili lipume."

"Masiku angati?"

"Si masiku. Ena miyezi itatu, ena isanu ndi umodzi. Ena chaka."

Munthu uja anawerenga miyezi ndi zala, napeza kuti mvula ili pafupi kuposa kuchira.

"Adokotala, ndamva kuti kuli jakisoni."

"Aliko, kuchipatala chachikulu. Timatumizako anthu amene ayesa zonsezi kwa miyezi koma osasintha. Ngakhale opaleshoni iliko, ya anthu ochepa kwambiri. Koma jakisoni amangotseka ululu pakamwa kwa kanthawi. Mukamubaya n'kubwerera m'nkhuti, nsinga ija ikhoza kuduka inu osamva."

Anabwerera kumudzi ndi misomali itatu m'thumba, kuti bodza lake liime. Ndipo mwa malangizo aja anasankhamo okhawo amene amachitika chitseko chili chotseka. Chitenje ankakoka. Botolo ankagubuduza. Koma dzuwa likatuluka ankalowa m'nkhuti wopanda nsapato monga kale. Chimene ankasoka m'nyumba ankakaching'amba kunja.

Pamudzi paja mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anizana. Sankadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Zaka zinayi zinali zitapita, ndipo mawu amene awiriwa analankhulana sakanadzaza chikho. Koma mayi aja ankasesa bwalo tsiku ndi tsiku kusanache, kotero kuti aliyense wodzuka pambuyo pawo ankasiya mapazi ake pafumbi losalala.

M'mawa wina mu Okutobala munthu uja anatuluka, nadutsa pabwalo kukatenga khasu pansi pa nkhokwe. Ali pafupi kunyamuka, anamva mawu a apongozi ake. Anali ataima kuseri kwa nkhokweyo, atafulatira, akulankhula ndi mwana wawo mokweza kuti mkamwini amve.

"Make Tinyade, auze amuna ako asapite kaye kunkhuti. Atembenuke, aone pomwe ndasesapa."

Anatembenuka. Kuchokera pakhomo la kanyumba kake mpaka pamene anaima panali mzere wa mapazi ake. Lakumanja linali lathunthu. Lakumanzere linali zala zokha, chidendene osaoneka. Anachita manyazi, poona kuti chinsinsi chake chakhala chikulembedwa pabwalo m'mawa uliwonse.

Kenako anaona mzere wachiwiri pambali pa wakewo. Timapazi tating'ono. Kakumanja kathunthu. Kakumanzere zala zokha.

Tinyade anali ataima chapatali, akumuyang'ana. Ankakonda kumutsatira m'mawa uliwonse mpaka pankhokwe. Munthu uja ananjuta pansi natambasula manja.

"Bwera kwa ababa, mayi wanga."

Mwana anabwera akuseka. Phazi lamanja ankaponda lonse, lamanzere ankanyang'amira, ndipo nthawi iliyonse likakhudza pansi ankati, "Ish! Ish!" Anafika n'kugwera m'manja mwa bambo ake, akunyadira kuti wadziwa kuyenda ngati munthu wamkulu. Bamboyo anatenga kaphazi kaja nakadina pachidendene. Mwana anangoseka, poyesa kuti akumugirigisha. Kaphaziko kanalibe nthenda iliyonse.

"Mapazi akuluwo ndawaona kuyambira m'chisanu," anatero apongozi, akadali chifulatirire. "Ndinati ndi munthu wamkulu, adzanena yekha. Koma aang'onowa ndawaona masiku asanu tsopano. Nyumba ikhoza kudikira chaka. Nanga mwendo wa mwana ukazolowera, adzauwongole ndani?"

Munthu uja anaika mwana pansi, nalowa m'nyumba. Anadula chidutswa cha siponji ya matiresi akale, nachiika m'nsapato zake za kutchalitchi, n'kuzivala. Kenako ananyamula mpando. Anadutsa nawo pabwalo, anadutsa panjira ya kumjigo, anthu akuona, mpaka pankhuti. Anauika pansi. Dzuwa lili m'mwamba, anakhalapo.

Posakhalitsa mlamu wake anatulukira, khasu lili paphewa.

"Aa! Alamu, mpandowu wakulakwirani chiyani? Kapena mwadzozedwa ufumu usiku?"

"Alamu, bwerani pafupi," anatero munthu uja. Analankhula mokweza, kuti ndi amayi a pamjigo omwe amve. "Phazi langa likudwala kuyambira mu Juni. Kuchipatala anandiletsa kuponda dothi, ine ndinabisa. Sindingathenso. Ndipo pali china. Ndinapita kwa sing'anga, ndipo ndinakhulupirira kuti ndinu munanditchera mankhwala. Mundikhululukire."

Mlamuyo anatsitsa khasu. Kwa kanthawi nkhope yake inagwa, nthabwala zonse zitathawa.

"Ndiye chifukwa chake moni wanga mumauyankha ngati buluzi?" anatero. "Ine kukutcherani inu? Inu mukalumala, mlongo wanga ndi mwanayu akadya kwa yani? Si kwa ine? Mukundiona ngati wopusa ine, alamu?"

Anapinda buluku mpaka m'mawondo, nalowa m'matope.

Si onse amene anakondwa. Alipo amene ananong'ona kuti, "Wayamba nayenso, mawa mumuona pa bawo." Munthu uja anawamva, ndipo anakhalabe pampando. Mlamu ankabwera masiku atatu pasabata, poti naye anali ndi munda wofunika kusosa. Make Tinyade ankanyamula chikombole. Woumba njerwa uja ankadzaza dothi ali chikhalire, manja akugwira ntchito imene phazi linasiya. Tsiku lootcha, apongozi anatumiza mitolo inayi ya nkhuni.

Uvuni unali waung'ono. Njerwa zinakwana chipinda chimodzi ndi kakhonde. Lonjezo la zipinda zitatu linagwa, ndipo manyazi ake anawasenza. Koma mvula itabwera kumapeto kwa Novembala, inamupeza Tinyade ali m'tulo pamalo ouma, ndipo bambo ake anali pambali pake. Palibe anamanga zovala za munthu m'chitenje.

Phazi silinachire msanga. Panali masabata amene ankaona ngati palibe chikusintha, ndipo mtima unkamuuza kuti avule nsapato, abwerere ku zakale. Koma m'mawa uliwonse akakola phazi ndi chitenje, Tinyade ankakhala pambali pake ndi kansanza, akukoka kaphazi kake, nkhope ili yolimba ngati ya munthu wa pantchito. Akatha, bamboyo ankavala nsapato, n'kuimirira pang'onopang'ono, n'kutsitsa chidendene pansi mwana akuona. Kenako ankagwirana manja, kudutsa pabwalo.

M'mawa wina mu Malichi anafika pankhokwe, n'kukumbukira ali pomwepo kuti sanamve msomali. Apongozi anadutsa ndi ndowa pamutu, nayang'ana pansi pomwe anasesa. Panali mapazi a nsapato, onse awiri athunthu. Pambali pake panali timapazi tiwiri, kalikonse ndi kachidendene kake kozungulira ngati dzira la nkhunda. Mayi aja anapitirira ulendo wawo wa kumjigo, akuimba chapansipansi.

Abambo anzanga, inu amene muli ndi chowawa chimene chimalankhula m'mawa n'kukhala chete masana, musayese kuti chatha. Kaya chili m'phazi, kaya chili mumtima, kachionetseni kwa amene amachidziwa, ndipo malangizo ake muwatenge onse, osati okhawo a kuseri kwa chitseko. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kuchira kungachedwe, ndipo nyumba ingachepe zipinda. Koma kumbuyo kwanu kukubwera kamunthu kamene sikadziwa kusiyanitsa mayendedwe anu ndi ululu wanu. Kamangotengera zonse, chifukwa kamakukondani. Mawa m'mawa mukatuluka, tembenukani muone pafumbi. Ngati pafunika mpando, unyamuleni dzuwa likuwala, mukhalepo.