Bokosi la a Kachingwe

Panali munthu wina, a Kachingwe, amene anatopa ndi madandaulo a m'nyumba mwawo. Lero foni ya mayi yadzaza. Mawa fulashi ya mwana yalowa vairasi. Mkuja wina wataya foni mu minibasi, zithunzi za ubatizo zapitira pomwepo. Aliyense ankathamangira kwa iwo ngati ndiwo anapanga mafoniwo.

"Ndatopa nanu!" anatero tsiku lina. "Zinthu zonse za nyumba ino zizikhala pamalo amodzi."

Anakumba kompyuta yakale kuseri kwa kabati, naikamo disiki yaikulu, nailumikiza ku rauta ya intaneti ya pabalaza. Loweruka lathunthu linathera pamenepo, thukuta lili kamukamu, akukalipira zingwe ngati zimamva. Pomaliza zinatheka. Aliyense m'nyumbamo ankatha kuika ndi kutenga zinthu m'bokosi la kompyutalo kudzera pa foni yake ali chikhalire pampando. Kunena zoona, ntchitoyo inali yabwino. Koma munthu akachita bwino kamodzi, makutu amayamba kutsekeka.

Mkazi wawo, Nangozo, anali ndi chuma chimodzi mufoni mwake: mauthenga a mawu amene malemu mayi ake ankamutumizira. Analipo makumi anayi. Ena anali a moni chabe, ena a nyimbo, ena omukalipira kuti sabwera kumudzi. Mawu a mayiwo sanatsale kwina kulikonse.

A Kachingwe anakopera mauthengawo m'bokosi muja, kenaka anati, "Tsopano fufutani mufonimo, ipume."

"Bambo, asiyeni akhale konse kuwiri," anatero Nangozo.

"Iii, mayi inu! Ndavutikiranji tsiku lonse? Mawa mudzandiuzanso kuti foni yadzaza. Bweretsani kuno."

Anatenga foniyo, nafufuta okha ndi chala chawo. Nzeruzayekha anaviika nsima m'madzi.

Panapita miyezi. Mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, kunyumbako kunali kukonzekera chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Mlongo wa a Kachingwe anabwera kudzathandiza kukonza m'nyumba. Mayiyo ataona chibokosi chafumbi chikulira pakona, anachita manyazi nacho. Alendo akubwera, ndiye chinthu chikhale chamaliseche pabalaza? Anachifunditsa nsalu yokhuthala, monga timachitira ndi wailesi ndi kanema, naikapo maluwa apulasitiki pamwamba. Chinakongola ndithu. Koma makina amapuma, ndipo awa anatsekedwa mphuno masiku anayi. Anatentha mpaka disiki inafa.

Alendo atabalalika, a Kachingwe anavundukula nsaluyo n'kupeza bokosi lili zii. Anathamanga nalo kwa okonza makompyuta m'tauni. Woyamba anapukusa mutu. Wachiwiri anapukusanso mutu. Anabwerera kunyumba atafufuma ndi mkwiyo.

"Ndani anavindikira makina anga? Kodi m'nyumba muno mulibe woganiza? Chilichonse mukachiona, nsalu! Tsiku lina mudzandifunditsa ine ndili moyo!"

Anakalipira mlongo wawo. Anakalipira ana. Anakalipira dzuwa, fumbi ndi amene anawagulitsa disikiyo. Pomaliza mpweya unawathera. Kenaka Nangozo anafunsa motsitsa mawu.

"Bokosilo lafa, ndamva. Nanga mawu a mayi anga munawasunganso kuti?"

 Nsalu anafunditsa ndi wina, inde. Koma mwini wa chala chimene chinafufuta, a Kachingwe ankamudziwa. Nangozo anadzuka, nakalowa kuchipinda. Mayi ake anamwalira kachiwiri tsiku limenelo, ndipo ulendo uno panalibe wobwera kudzapepesa.

Tsono inu mukundimvera, musandiuze kuti wolakwa ndi mlongo uja. Ofunditsa nsalu sadzatha. Akapanda kukhala iwo, kubwera mphenzi, wakuba, kapena ukalamba wa makinawo. Bokosi la pabalaza ndi labwino, likonzeni, muzigawana zinthu. Koma kusamutsa chinthu si kuchisunga. Chimene chili pamalo amodzi okha, ngakhale malowo akhale okongola bwanji, chikungodikira tsiku lake. Mukafika kunyumba lero, funsani kuti chimene simungachipezenso chili malo angati. Yankho likakhala amodzi, musayambe mwavula nsapato. Koperani pa disiki ina, mukaisiye kunyumba ya m'bale wanu.