Dzina la Pakhoma la Hositelo

Kalekale ndithu, masiku amene mtsikana wofika Fomu 4 anthu ankachita kulozerana pamsika, kumapiri a ku Ntcheu kunali mtsikana dzina lake Mwandida. Bambo ake anali atamwalira, mayi ake ankangodalira maganyu. Chaka chimene anasankhidwa kupita ku sekondale, amalume ake anamupereka kwa mkulu wina wogula mbatatesi kuti akhale mkazi wachiwiri.

"Ine ndikufuna sukulu," anatero Mwandida, koma palibe anamumvera.

Nkhaniyi inamupeza Nachisale, mayi wa m'gulu loyang'anira atsikana pasukulu ya pulayimale. Iye mwini ngakhale dzina lake sankatha kulemba. Anamanga chitenje n'kukakhala pakhonde pa mkulu wa mbatatesi uja.

"Mayi, mukufuna chiyani pakhomo panga?" anafunsa mwamunayo.

"Ndadzatenga mwana, bambo. Pano sindichoka ndekha."

Anamutukwana, anamuthira madzi, Nachisale osasuntha. Amayi anzake atayamba kubwera mmodzimmodzi kudzakhala naye pakhondepo, mwamunayo anachita manyazi n'kumutulutsa mtsikanayo. Amalume aja, pokwiya, anamulanda Nachisale dimba limene ankamubwereka.

Mwana anabwerera, koma fizi panalibe. Aphunzitsi ake a Sitandade 8, a Kamtedza, anamva kuti kuboma kuli bungwe lachifundo lolipirira atsikana ochokera m'mabanja osauka. Anapalasa njinga mpaka kumeneko, n'kuuzidwa kuti malo adzaza. Anapitanso. Mlatho utakokoloka ndi mvula, ankawoloka mtsinje atasenza njinga pamutu.

"Aphunzitsi, mwabweranso?" anadabwa a kuofesi.

"Ndidzasiya kubwera mwanayu akadzakhala m'kalasi."

Mapeto ake bungwe linamulandira Mwandida, n'kumupatsa fizi, yunifolomu ndi mabuku.

Sekondaleyo inali kutali, yopanda malo ogona atsikana. Mwandida ankachita lendi kachipinda kodontha pamodzi ndi anzake. Ufa unkawathera pakati pa temu, ndipo amuna a m'magolosale sankawapatsa mtendere. Mayeso a Fomu 2 analephera, bungwe n'kuimitsa thandizo mpaka atakhoza. Analongedza katundu wake. Pasiteji ya basi anakumana ndi Abiti Saidi, mayi wogulitsa mandasi pageti pa sukulu.

"Mwanawe, chikwama chonsechi ukupita nacho kuti?"

"Kwathu, mayi. Zandikanika."

"Tula pansi. Kwanga mphasa ilipo."

Abiti Saidi anali ndi ana ambiri, ndipo amuna awo ankadandaula kuti chakudya sichikwanira. Komabe anamusunga Mwandida, kumudyetsa, kumuletsa kukazinga mandasi kuti azigwira mabuku. Mwandida anabwereza kalasi, anakhoza, bungwe linayambiranso kumulipirira, ndipo sanabwererenso m'mbuyo mpaka anakhala dokotala.

Atayamba ntchito, anabwerera kusekondale kuja. Anasonkhanitsa makolo, anaumba njerwa, anagogoda m'mabungwe, mpaka hositelo ya atsikana inaima. A komiti anati pakhoma palembedwe dzina la Mwandida.

"Langa ayi," anakana. "Palembedwe la mmodzi mwa anthu atatu amene anandinyamula."

Apa ndiye anthu anagawikana. Akumudzi anati popanda Nachisale, dokotalayo bwenzi akupalira mbatatesi za mwini, ndipo Nachisaleyo anamwalira wopanda dimba chifukwa chomupulumutsa. Aphunzitsi anzawo a a Kamtedza anati kumuchotsa mwana pabanja wopanda fizi n'kungomubwezera ku umphawi womwe unamugulitsa. Amayi a pamsika anaseka, amvekere fizi ija inali itaimitsidwa pamene mwanayo anaima pasiteji ndi chikwama chake, anamubweza ndi Abiti Saidi.

Atsikana afika kale ndi mabulangete awo, wolemba zikwangwani waima pakhoma ndi bulashi m'manja, ndipo malo alipo a dzina limodzi lokha. Inu amene mwamva nkhaniyi, alembe dzina la ndani?